Bedi Limene Ndinalonjeza M'kalata

Lolemba

Rozina akubwera Loweruka! Kalata yafika m'mawa uno. Ndaiwerenga kanayi, kachisanu ndakaiwerengera kuseri kwa shedi ya thonje kuti anzanga asandione mano ali pamtunda. Chikwatirane pa Pasaka, mkazi wanga ali kwa makolo ake ku Nsanje, ine ndili kuno ku Ngabu, kuyeza thonje la anthu pa sikelo ndi kusaka nyumba. Nyumba ndinaipeza: chipinda ndi balaza, denga la malata, chitseko cha kiyi. Tsopano akubwera pa basi ya masana, ndipo akumuperekeza azakhali ake, alongo awo a apongozi anga, mayi a thupi lawo amene pa ukwati wathu anathyola benchi ya kutchalitchi osatembenuka n'komwe.

Mzere womaliza wa kalata ukuti: "Ndauza onse kuno za bedi lachitsulo lija. Azakhali akuti adzalione ndi maso awo."

Bedi lija. Eya. Mwezi watha ndinalemba kuti bedi lilipo kale, lachitsulo, la anthu awiri, loti chiswe chikaliona chimabwerera. Polembapo n'kuti nditakhala pa mphasa, pepala lili pabondo. Bodza lenileni silinali, chifukwa m'mutu mwanga bedilo linalimo.

Masiku asanu. Kodi bedi n'chiyani? Miyendo inayi, mbali zinayi, basi. Zimene ndili nazo:

mapaipi asanu ndi limodzi a mjigo wakufa, awiri aatali, anayi aafupi (akapitawo andilola kutola);
malamba achitsulo omangira mabelo a thonje, mtolo wathunthu;
waya;
mphira za chubu cha njinga;
sowo yodulira zitsulo, yobwereka, mano ena inasiya kwa mwini wake woyamba;
mtima, wambiri zedi.

Madzulo. Mapaipi awiri aafupi ndawadula pakati, miyendo inayi yapezeka. Ngodya zonse ndamanga ndi waya, pamwamba pake mphira. Laima! Ndikaligwira laima. Ndikalisiya likugwada ngati ng'ombe, miyendo yakutsogolo kaye, yakumbuyo pambuyo pake, mwaulemu ndithu.

A Zuze, aneba anga okhoma zidebe, asuzumira pampanda nthawi yaitali. Kenako afunsa ngati ndikuyamba kuweta nkhunda. Ndawauza zoona zonse. Aseka mpaka kukhala pansi, koma akuti mawa ndibwere nazo zitsulo kwawo.

Ndikuimba ndekha potsuka mbale. Loweruka!

Lachiwiri

Waya ndi wa anthu osaphunzira. Lero ndi tsiku la mtovu.

Ndaweruka msanga, ndanena kuti mutu. A Zuze akoleza makala pa mbaula, aika kachitsulo kawo komatira pamoto. Asanayambe andichenjeza kawiri. "Mtovu wanga umagwira madzi, achimwene. Anthu sunagwirepo." Ndawayankha kuti chidebe chodzaza madzi n'cholemera kuposa mwendo wa munthu, ndipo bedi lili ndi miyendo inayi yogawana katundu. Samuyi ndaichita pamchenga ndi chala. A Zuze aiyang'ana, aifufuta ndi phazi, ayamba kumata.

Kukongola kwake! Ngodya iliyonse ikunyezimira ngati mamba a nsomba. Ndaluka malamba achitsulo pamwamba monga amalukira mphasa, wina pansi wina pamwamba, nsonga ndazipinda ndi hamala. Zala ziwiri zachekeka. Ndazimanga ndi nsanza, sizikupweteka, kapena zikupweteka koma ine kulibe.

Kuyesa katundu, monga amachitira akatswiri:

pilo, lapirira;
sutikesi yanga, lapirira;
thumba lathunthu la thonje, lapirira, osalira n'komwe!

Ndavina pabwalo. Akazi awo a Zuze atuluka ndi mthiko m'manja kudzaona ngati kwagwa chinachake. Ndawaitana kuti aone thumba lonse lili pabedi. Iwo angonena kuti thumba limenelo mwana wawo wamkazi amalisenza ndi dzanja limodzi akudya chinangwa.

Choncho ndachotsa thumba, ndakhalapo ine.

Sindinganene kuti lathyoka. Kuthyoka kumakhala ndi phokoso. Ili langomasuka, ngodya zonse zinayi nthawi imodzi, ngati zinachita kupangana. Ndapezeka ndili chagada m'kati mwa malamba, miyendo m'mwamba, paipi imodzi ikugubuduka kupita kwa abakha a a Zuze. Kabudula wang'ambika kumbuyo, malo oti sindingathe kudzisokera nditavala.

A Zuze sanaseke nthawi ino. Atola mtovu wawo pansi kachidutswa ndi kachidutswa, akuti ukagwira ntchito pa ketulo ya abusa.

Sindikudandaula. Tsopano ndikudziwa njira ziwiri zosagwira, ndipo dzulo ndinkadziwa imodzi yokha. A Zuze akuti zitsulo zonyamula munthu zimafuna mabawuti. Mabawuti! Nanga bwanji sananene dzulo? Akuti ananena, koma ine ndinali kuimba.

Ndagula sopo wonunkhira wa Rozina. Ndamununkhiza kasanu.

Lachitatu

Mabawuti asanu ndi atatu ndawapeza kwa mkulu wina wokonza ngolo kumsika, m'chitini cha dzimbiri. Manati ndawapeza kwa wokonza njinga. Ndabwera nazo kunyumba m'chipewa ngati mazira.

Choyamba, zibowo. Paipi ndi yobulungira, ndipo msomali ukaikapo umathawa. Ndabwereka choboolera chopukusa ndi dzanja. Ola lathunthu, thukuta likutsikira m'makutu, chibowo chimodzi. Pa chachiwiri kamsomali kake kathyoka. A Zuze andionetsa njira yachimidzi: kuwotcha nsonga ya paipi mpaka ifiire, kuiphwanya ndi hamala ikhale yaphwatalala, kenako kuboola ndi chitsulo chosongoka. Ikugwira! Dzuwa la kuno kuwonjezapo mbaula, ndamwa madzi mtsuko theka. Nsidze za kumanzere zapsa pang'ono.

Chachiwiri, manati akukana mabawuti. Amalowa kamodzi, n'kuima. A Zuze awatembenuza, awanyambita, akuti mabawuti anga anachokera kutsidya ku Mozambiki, manati ndi a Chingerezi, ndipo mizere yake simvana. Ndawauza kuti ine ndine Mmang'anja, Rozina ndi Msena, koma tinamvana. Iwo akuti ife sanatimange ndi sipanala.

Ndakakamiza. Atatu alowa chifukwa cha mantha, awiri athyoka makosi, otsalawo ndawamenya mitu ndi hamala mpaka afutukuka ngati bowa. A Zuze akuti pamenepo ndapanga maliveti osadziwa, ndipo ndicho chanzeru choyamba chimene ndachita sabata ino. Ndasangalala kwambiri moti ndawagulira fodya.

Ndakhalapo. Silinagwe! Ndagonapo. Silinagwe! Ndayang'ana kumwamba, khwangwala akudutsa, ndamuuza kuti akanene ku Nsanje.

Kenako ndatembenuka kumbali, monga munthu aliyense amatembenukira akagona. Bedi latembenuka nane. Miyendo yonse inayi yapendekera kumodzi, pang'onopang'ono, mpaka lakhala pansi. Ndaliimitsa. Ndayetsemula. Lapendekera kwinako.

A Zuze afotokoza ndi sizasi yawo yodulira malata: bawuti imodzi pa ngodya sigwira, imangosandutsa zitsulo ziwiri kukhala sizasi. Pafunika mabawuti awiriawiri, kapena kachitsulo kopingasa kogwira mwendo ndi mbali. Ndawerenga: zibowo zina khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Nsidze zotsala sizingakwane.

Atsitsa mawu ngati akunena za sing'anga. Akuti kuseri kwa msika kuli a Semba, amakanika a mathirakitala, ali ndi makina owotcherera oyendera injini yawoyawo. Chimene awotcherera iwo, akuti, chimadzalekana pa tsiku lachiweruzo.

Mawa kulibe ntchito, kukubwera anduna kudzachititsa msonkhano. Tsiku lonse langa! Mwayi ukunditsata ngati galu.

Lachinayi

Ndamasula zonse m'mamawa. Miyendo ndi tizitsulo m'thumba, mapaipi awiri aatali paphewa, khadi ya chipani m'thumba la malaya. Ulendo wa kwa a Semba.

Njira ya kwa a Semba imadutsa pabwalo la msonkhano. Izi ndinaziiwala.

Pachipata aona khadi, zili bwino. Ndikuti ndidutse mwakachetechete m'mbali mwa nsanja, koma munthu wosenza mapaipi awiri aatali sadutsa mwakachetechete. Ndagwetsa chipewa cha woimba ng'oma. Atcheyamani a dera lino, bambo ansangala ovala jekete pa dzuwa lonseli, andiona, atambasula manja. Kuyambira m'bandakucha akhala akusowa pokwezera mbendera ziwiri, chifukwa mitengo imene anadula dzana yapezeka yokhota.

"Taonani mwana wokonda dziko lake. Sitinamutume, wabwera nazo yekha."

Nthungululu. Amayi ovala zitenje zofanana andizungulira akuvina. Wina wandipukuta thukuta ndi mpango wake. Ndatsegula pakamwa kuti ndinene za bedi, ndaona maso onse aja, ndatseka. Chimene chatuluka n'chakuti, "N'zochepa, bwana."

Andikhazika pa mzere wachiwiri, pampando weniweni. Anduna afika dzuwa litapendeka. Powerenga mphatso dzina langa latchulidwa pa chimkuzamawu, pakati pa amene apereka mbuzi ndi amene apereka mazira. Ndinene zoona, ndamva kukoma. Ndawomba m'manja mwamphamvu kuposa onse. Mbendera zikupepeluka bwino zedi pa mbali ziwiri za bedi langa, ndipo kachibowo kamene ndinaboola dzulo ndi kamene apisamo chingwe.

Msonkhano utatha ndazungulirazungulira pafupi. Mapaipi awakwirira mozama, athirapo miyala, asinja. Atcheyamani andigwira chanza kachiwiri, akuti zikhala pomwepo mpaka kalekale, ndipo aliyense wodutsa azikumbukira ine.

Ndafika kwa a Semba ndi thumba lokha. Ndi bambo aafupi, a imvi, mawu ochepa. Akhuthula thumba pansi, atola mwendo umodzi, aona mtovu, waya, kupsa ndi zibowo. Afunsa ngati zitsulozi zinandilakwira. Ndawasimbira sabata yonse, kuyambira pa kalata. Pa nkhani ya mbendera ayang'ana uku ndi uku, alowa m'galaja, ndamva akuseka m'menemo, atuluka nkhope ili bwinobwino.

Kuseri kwa galaja kuli ngolo yakufa ya thirakitala. Akuti zitsulo zake zam'mbali ndi zabwino kuposa mapaipi, chifukwa n'zopindika ngodya ndipo zimakhalirana bwino. Ndibwere mawa kukacha, ndi tupa yopalira dzimbiri ndi manja.

Ndataya mapaipi awiri, ndapeza ngolo. Rozina wakwatiwa ndi munthu wamwayi!

Lachisanu

Akapitawo ndawatumizira uthenga kuti mutu uja wasamukira m'mimba.

Malamulo a a Semba, monga awanenera, chala chili m'mwamba:

chitsulo chiyere ngati mbale ya alendo, dzimbiri ndi mtovu zonse zichoke, apo ayi moto umangonamizira kugwira;
dontheza kaye pang'ono pa ngodya zonse, yeza, ukakhutira ndiye wotcherera;
ngodya iliyonse ikhale ndi kachitsulo kopingasa;
chitsulo chakuda sichitanthauza kuti chazizira;
usayang'ane moto.

Ndapala dzimbiri kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Mikono yafiira, m'kamwa mukukoma ngati ndatafuna khasu. Lamulo lachinayi ndaliphunzira ndi chala chachikulu.

Poyeza, a Semba afunsa podula. Ndayang'ana zitsulo zazitali zokongolazo, mtima wakana. Ndati asadule. Munthu ukapatsidwa ngolo sudula kuti ikhale wilibala. Kenako ndakumbukira udzudzu wa kuno, ndapempha mizati inayi yomangirira neti, yowotcherera pa ngodya, yaitali kufika m'khosi mwanga. Kenako ndaona malimu awiri akale a njinga, ndapempha kuti akhale maluwa a kumutu. A Semba akweza chigoba chawo chakumaso, andiyang'ana.

"Chitseko chanu n'chachikulu bwanji?"

Ndati ndi chitseko ngati chitseko china chilichonse. Atsitsa chigoba.

Injini yalira, ndipo pamenepo ndaona chinthu chokongola kuposa zonse chibadwire changa, kupatula Rozina atavala velo. Kamoto kabuluu, koyera pakati, kolira ngati mafuta m'chiwaya, nthethe zikuthetheka mbali zonse. Zitsulo ziwiri zikusungunuka n'kukhala chimodzi! A Semba akagogoda chikhungwa chakuda, pansi pake pali mzere wosalala ngati tsitsi loluka. Ndayang'ana pang'ono chabe. Kenako pang'ono penanso. Ngodya zilipo zambiri.

Madzulo. Latha! A Semba alimenya ndi hamala yaikulu, lalira ngati belu la kumishoni. Ndalumphirapo, ndadumphadumpha ngati tonde. Madalaivala awiri a thirakitala akwerapo nane. Osagwedezeka ngakhale pang'ono. Kulinyamula tachita kugwira anthu anayi, ndipo wachinayiyo watukwana.

Ngolo ya ng'ombe ilibweretsa mawa m'mawa. Ndasesa nyumba kawiri. Ndagula mpunga, mlamba wouma, shuga, ndi kapu yachitatu ya azakhali. Matiresi ndasoka ndi masaka awiri, ndafutsamo udzu wofewa.

M'maso mukuyabwa pang'ono. Ndi chimwemwe basi.

Loweruka

Ndadzuka ndi mchenga m'maso. Mchenga wake wosaoneka, wosachoka ndi madzi. Misozi ikungotsika yokha ngati mpopi wophwanyika, kuwala kulikonse kukundibaya. Akazi awo a Zuze andiika masamba a tiyi ozizira pa zikope, akuti a Semba amauza aliyense ndipo aliyense amayang'anabe motowo. Izi ndikulemba ndi diso limodzi, mizere ikukwera phiri.

Ngolo yafika. Anthu a mumzere wathu wonse atuluka. Ndamva wina akuti ndi bedi la kuchipatala, wina akuti ndi khola la nyalugwe. Ndanyada ngakhale sindikuona nkhope zawo.

Tafika nalo pachitseko.

Choongoka, lakana. Chammbali, mizati ya neti yakana. Choimika, denga la khonde lakana. Chozondotsa, malimu a njinga akana. Tachotsa chitseko pa mahinjesi, tapindula chala chimodzi, tikusowa mkono wathunthu. Pawindo pangalowe mwendo wokha. A Zuze ayeza ndi chingwe mbali zonse zitatu za bedi, ayeza chitseko, apinda chingwe chawo, aika m'thumba. Eni nyumba abwera akuthamanga atamva kuti wina watchula zogumula khoma. Akuti njerwa imodzi ikagwa, ine ndi bedi langa tikagone kumsika.

Talisiya pansi pa mtengo wa masawu pabwalo. Nthawi ya basi yakwana.

Ndaima pa siteji, chipewa chili m'maso, misozi ili chuchuchu. Basi yaima, fumbi, anthu akutsika ngati mithunzi. Ndaona mthunzi wa duku lachikasu, ndathamanga, ndalanda dengu, ndati takulandirani mayi a kunyumba. Mthunziwo wakuwa. Ndi mayi wina wogulitsa tomato. Kumbuyo kwanga ndamva kuseka kumene ndingakuzindikire ngakhale pakati pa anthu chikwi.

Rozina! Wanenepa pang'ono m'masaya, kapena ndi misozi yangayi ikumukulitsa. Azakhali atsika chammbuyo, kondakitala akuwagwira mkono. Andiyang'ana ndikulira, afunsa Rozina m'Chisena kuti, "Ninji?", kutanthauza kuti n'chiyani, ndani wamwalira. Rozina wawauza kuti palibe, ndi kumusowa chabe. Azakhali agwedeza mutu, akuti mwamuna wolira pa siteji sanamuonepo, koma bola ameneyu kusiyana ndi womenya.

Pakhomo. Ndayamba kufotokoza kuti bedi talitulutsa kuti lipitidwe mphepo. Azakhali sanandimvere. Alizungulira kamodzi. Alimenya ndi chidendene. Agwedeza mzati. Kenako atembenuka, akweza chitenje pang'ono, adziponya. A Zuze avula chipewa.

Bedi lili zii. Ngakhale kulira.

Adzigwedeza, atembenuka uku ndi uku, aitana akazi awo a Zuze, aitana amayi ena awiri oonerera, akokera Rozina. Anthu asanu! Miyendo yalowa m'dothi pang'ono, koma ngodya zili phee. Azakhali apapasa mzere wa a Semba ndi chala, anena liwu limodzi: "Pyadidi." Ndi zabwino. Pa ukwati wathu sananene liwu limeneli ngakhale kamodzi. Ndalira, ulendo uno mwina zenizeni.

Rozina wanditengera kuseri kwa nyumba kuti andisambitse m'maso. Wagwira manja anga, wawatembenuza: mabala, matuza, chala chopsa. Wayang'ana nsidze.

"Bedi lanu la mwezi wathali likununkhabe moto."

Ndaulula zonse, waya, mtovu, sizasi, mbendera. Waseka mpaka kutsamira khoma. Akuti anadziwa tsiku lomwelo, chifukwa kalata ija inali ndi mizere ya mphasa yodindika kuseri kwa pepala. Azakhali anawauza dala, kuti ndichite manyazi ndigule bedi kusitolo ngati anthu ena onse. Zoti ndingalipange ndekha sizinamufikire m'mutu.

Kenako wafunsa kuti tililowetsa nthawi yanji. Ndati maso akupwetekanso.

Lamulungu

Maso atseguka. Ndaliona bwino tsopano bedi langa, ndipo ndaonanso chitseko. Munthu wamaso sakanayesa n'komwe.

Azakhali agona pomwepo, panja, pansi pa masawu, neti itamangidwa pa mizati inayi. Adzuka akuimba nyimbo ya kwaya. Akuti m'nyumba za malata za kuno munthu amaphikidwa ngati mbatata, koma pamenepo pamadutsa kamphepo, ndipo msana wawo, umene wawavuta zaka zambiri, lero wangokhala chete. Ine ndi Rozina tagona pa mphasa m'chipinda. Mphasa ya munthu mmodzi.

Potuluka kutchalitchi theka la mpingo latiperekeza kudzaona. Azakhali alandira alendo atakhala pabedi, miyendo atatambasula, akufotokoza za kachitsulo kopingasa ngati anawotcherera ndi iwo. Mkulu wa mpingo wakhalapo, wadzigwedeza, wandiyamika kuti ndine chitsanzo cha kulemekeza akuchikazi, chifukwa si mkamwini aliyense angapangire azakhali bedi lotere. Ndati n'zochepa.

Njira zimene zatsala:

kugumula khoma, eni nyumba akana;
kukweza denga n'kulitsitsira pamwamba, maganizo a a Zuze, eni nyumba angotembenuka n'kuchoka;
kudula mizati ndi miyendo, kulilowetsa, n'kulumikizanso ndi mabawuti awiriawiri.

Njira yachitatuyi a Semba, amene ndakumana nawo panjira atavala suti, akuti ndi yotheka, ndipo ndi imene akanandiuza Lachisanu ndikanayeza chitseko. Koma akuti iwo sadula chimene anawotcherera, ndidule ndekha, ndipo ndi sowo yangayo ndidzamaliza mvula itagwa.

Ndatchula zodulazo pa chakudya cha masana, mwaulemu, maso ali pansi. Azakhali asiya kutafuna.

"Nkhabe."

Liwu limeneli ngakhale Mmang'anja amalimva. Ayi. Anayenera kubwerera mawa pa basi ya m'mawa. Tsopano akuti ulendo wa dzulo wawatopetsa, ayamba apumula. Apempha dalaivala wina wa kwawo kuti akanene ku Nsanje awatumizire zitenje zina ziwiri, mtondo wawo waung'ono ndi mankhwala a mano. Ndafunsa Rozina kuti kupumula kwa azakhali kumatenga masiku angati. Akuti kwa mkulu wake anapita kukaona mwana wakhanda, anabwerako mwanayo akuyenda.

Madzulo. Dzuwa lapepuka. Azakhali ali mtulo pabedi, pakamwa pali yasa, chipatso chakupsa cha masawu chawagwera pachifuwa osamva. Abakha a a Zuze agona kunsi kwake pamthunzi. Ngodya zonse zili nganganga. Pa zinthu zonse zimene ndagwira ndi manja angawa, chimenechi chokha ndicho sichidzagwa, ndipo sindinagonepo ngakhale ola limodzi.

Rozina wathira tiyi, takhala pakhonde pansi, misana kukhoma. Wayang'ana m'nyumba, wanena kuti tilibe tebulo, ngakhale mpando umodzi. Ndakumbukira kuti kwa a Semba kwatsala zitsulo zina ziwiri za ngolo ija, zazifupi bwino, ndipo ndayamba kujambula pansi ndi chala. Rozina wagwira chalacho, wachibweza pa kapu. Akuti mawa ndikaweruka tipita limodzi kwa kalipentala, ndipo chingwe choyezera chitseko anyamula yekha.

Ndavomera. Tiyi wake ndi wotsekemera bwino. Mawa ndi Lolemba, mutu ndi m'mimba zonse zachira, ndikayeza thonje.